Nyimbo za Veronica pa Nazale ya Kabichi

Dimba la a Silvester, kuseri kwa phiri kumtunda kwa Lizulu, linkalira. Izi aliyense ankazidziwa. Amayi opita kukachapa kumtsinje ankalilambalala. Ena ankati ndi mzimu wa malemu akazi awo, ena ankati bamboyo anakhwimira kabichi, poti kabichi wake ankachita kukula ngati mutu wa ng'ombe. Koma Lufina, mwana wawo mmodzi yekhayo, akamva zimenezi ankangoseka. Iye ankadziwa chomwe chimalira. Inali tepi basi. Chaka chilichonse akafesa nazale, bambo ake ankatulutsa kaseti m'katoni ya pansi pa bedi, n'kusolola tepi yakuda yam'kati ija, n'kuimanga pa timitengo uku ndi uku pamwamba pa mbewu. Dzuwa likawala inkanyezimira, mphepo ikawomba inkalira kuti vuuu, mbalame osayandikira. Alimi ambiri amatero. Kungoti kwa a Silvester inkalira mwamtundu wina, mokwera ndi motsika, ngati munthu woimba atatseka pakamwa.

Chimene Lufina sankadziwa n'chakuti m'makasetimo munali chiyani. Mapepala akunja anachotsedwa kalekale, ndipo pakhomopo panalibe wailesi ya kaseti. Sanafunsepo. Munthu ungafunse zam'kati mwa chingwe chowopsezera mbalame?

Amayi ake, a Veronica, anamwalira iye akukwawa. Anasiya chithunzi chimodzi, ataima pakhomo pa tchalitchi atavala duku, pakamwa atatseka kuti psii. Lufina ankatha kuyang'ana pakamwapo mpaka maso kuwawa, kufuna kudziwa kuti mawu otuluka pamenepo anali otani. Akafunsa bambo ake, ankangoti anali munthu wofatsa, kenako n'kunyamula khasu.

Ndiye tsiku lina la msika, Lufina atagulitsa kachewere wake, kunayamba kamvula kowaza kaja. Anathawira pakhonde pa golosale ya a Ayesha, amake Nazira, mayi wonenepa uja amene amadziwa ukwati uliwonse womwe ukutha kuyambira pa Lizulu mpaka ku Biriwiri. Ali chiimire, Lufina anayamba kung'ung'udza kanyimbo kake ka masiku onse, kaja amaimba akamapalira. A Ayesha anali akuyeza shuga. Anasiya kapu m'thumba momwemo n'kutulukira pakhonde, m'manja muli shuga yekhayekha.

"Iwe Lufina, nyimbo imeneyo wakuphunzitsa ndani?"

"Palibe, anti. Ndimangoimba."

"Usandinamize ine. Bambo ako akuimbira kaseti ija?"

Lufina anati kaseti yanji. A Ayesha anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamukokera m'kati, kumukhazika pa thumba la mpunga, n'kuyamba kumasula. Paja mayi ameneyu nkhani ikamufika pakhosi sakhala nayo.

Eti a Veronica ofatsa aja, ali mtsikana, anathawira ku Joni pa lole ya malume awo a Ayesha omwewa. Kumeneko, m'malo mogwira ntchito ya m'nyumba ngati anzawo, anakumana ndi anyamata atatu achizungu a tsitsi losapesa, n'kuyambitsa bandi. Woimba anali iwowo, kutsogolo, atavala shati lachimuna ndi jombo za asilikali. Magitala ake ankalira ngati chigayo chikatsamwa. Nyimbo zamtunduwo ankati ndi giranji, ngakhale a Ayesha mpaka lero amati galaja. Anatulutsa chimbale chimodzi chokha, dzina lake Dzimbiri, ndipo palibe anachilabadira. Mawailesi a kumeneko sanachiike. Akuda anzawo ankafuna zovina, azungu nawo sankafuna mkazi wa ku Malawi wowakuwira m'makutu. Bandi inatha, a Veronica anabwerera kumudzi ndi katoni yodzaza makaseti osagulidwa. Kamodzi anayesa kuika imodzi pa malo omwera mowa a pamsikapo. Anthu anaseka mpaka kugwa, wina anati aitane abusa chifukwa mtsikanayu wabwera ndi ziwanda za ku Joni. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso, ngakhale kwaya ya kutchalitchi anaikana.

"Ndipo kanyimbo ukung'ung'udzako," anatero a Ayesha, "ndi ka pa chimbalepo. Ine ndinali pomwepo tsiku ankamusekalo. Wallahi, ndi komweko."

Lufina sanadikire kuti mvula ikate. Dengu analisiya pomwepo. Anathamanga njira yonse ya kumtunda, matope akumuthimbirira mpaka kumsana, mumtima akuwerenga zaka zonse zomwe anathandiza bambo ake kumanga tepi pa timitengo, akukoka mawu a amayi ake ndi manja akewo, n'kumaseka tepi ikaduka.

Bambo ake kunyumba kunalibe, anali atapita kukafuna manyowa. Analowa kuchipinda kwawo, komwe sankalowako wamba, n'kukoka katoni ija. Inabwera mopepuka. Munali mphemvu zakufa ndi zigoba za makaseti zopanda kanthu. Apo anakumbukira kuti nazale ya chaka chino anaimanga dzana, ndipo bambo ake ananena chapansipansi kuti chaka chamawa adzaona zina. Kaseti imeneyo inali yotsiriza.

Anasankha chigoba chomwe chinkaoneka chatsopanoko, natenga bolopeni ya kusukulu, n'kutsikira kudimba.

Unali usana, koma chifunga chinali chitatsika moti mitengo ya m'mbali sinkaoneka. Tepi inali yomangidwa mizere yopingasa pamwamba pa timbewu tomwe tinali titangotumphuka, ndipo inkalira. Lufina anaimva bwinobwino tsopano, atadziwa. Pomwe iye amakwera poimba, nayonso inkakwera. Pomwe amapuma, nayonso inkapuma. Anagwada n'kuyamba kumasula mfundo. Ankadziwa kuti akaichotsa mbalame zitha nazale yonse, ndipo kabichi wa chaka chino ndiye wapita. Anamasulabe. Anaikulunga pa chala pang'onopang'ono, kuipukuta ndi chitenje, kenako anakhala pa mwala, n'kulowetsa bolopeni pa kabowo ka kaseti, n'kumapota. Zala zinachita dzanzi ndi kuzizira. Tepi inali itaduka malo awiri, iye anangoilumikiza ndi malovu.

Atamaliza, timitengo tonse tinali tokhatokha, tepi yonse ili m'manja mwake. Koma kulira kuja sikunasiye. Kunapitirirabe pamwamba pa nazale, pomwe panalibe kanthu, mpaka kunafika pomwe nyimbo imathera. Kenako kunati zii. Mpheta zinayamba kutera iye asanatuluke n'komwe m'dimbamo. Sanacheuke.

Pa Lizulu ponse munthu amene akanakhala ndi wailesi ya kaseti anali Che Idris, mlongo wawo wa a Ayesha, amene kale ankakonza mawailesi koma pano amangokonza mafoni ndi kuikira anyamata nyimbo m'mamemore. Wailesi anali nayodi, koma ankaikhalira ngati mpando. Atamva nkhaniyo anadzuka, n'kuipukuta ndi chipewa, akudandaula kuti mtsikanayu akufuna kudzutsa agogo omwe anapuma pantchito. A Ayesha anatseka golosale masana omwewo, zomwe sanachitepo ngakhale tsiku lomwe Nazira anabwera ndi chibwenzi, n'kubwera ndi mabatire ndi kabotolo ka kyutekisi wopaka m'zikhadabo komatira tepi moduka muja.

"Mlongo, ukaiwononga ndikuwononga iweyo," anatero.

Che Idris anayankha kuti tepi yomwe yagona padzuwa ndi pamvula masiku awiri ndi yowonongeka kale, asadzamunamizire iye. Anamata, anauzira, anatseka kachitseko ka wailesi, n'kudina.

Poyamba kunangomveka mphepo. Mphepo yeniyeni, ngati ya kudimba kuja, mpaka Che Idris anasuzumira panja. Kenako gitala inalowa, yolemera, yakuda, yokoka miyendo, ng'oma zikutsatira pambuyo ngati munthu akumenya chitseko. Ndiye mawu aja anabwera.

Lufina ankayembekezera mawu ofatsa, a pakamwa potseka pa chithunzi paja. Ayi ndithu. Anali mawu okhuthala, osasa, oyambira pansi ngati munthu wongodzuka kumene, kenako n'kukwera, kukwera, mpaka kung'ambika. Mkaziyo ankaimba m'Chingerezi chothamanga chomwe Lufina sanatolepo kanthu, koma pakati pa mzere anamumva akukoka mpweya, n'kumeza malovu. Mpweya umenewo ndi umene unamugwetsa pansi. Anakhala pa simenti, khutu atagunditsa pa sipika, maso ali gwa. Tepi inkachedwa malo ena, mawu n'kumatsika ngati a mwamuna, kenako n'kubwereranso. Anyamata awiri omwe ankadikira mafoni awo anayamba kuseka, koma a Ayesha anangowayang'ana kamodzi, iwo n'kutuluka okha.

Nyimbo ija ili pafupi kutha, wailesi inachita kuti khwee, khwee. Che Idris analumpha n'kudina, koma inali itatafuna kale. Atatsegula, tepi inatuluka ili bwanyubwanyu, yopotana, yotambasuka ngati ulusi wa thumba, zidutswa zina zitatsalira m'mano a wailesi. Anainyamula m'manja awiri osadziwa koika, n'kumangoti pepani, pepani.

Koma m'kashopumo nyimbo inali isanasiye. Che Idris anayang'ana wailesi, anayang'ana tepi m'manja mwake, kenako anayang'ana pansi. Anali Lufina. Khutu lili pa sipika pomwepo, pakamwa pali potsegula, akuimba. Mawu ake a tsiku ndi tsiku ndi aang'ono, oti pamsika amachita kubwereza kawiri kuti ogula amve. Awa anali okhuthala, osasa, oyambira pansi. Ndipo sichinali Chingerezi ayi. Ankaimba kuti musandifunditse bulangete, ndikumva kutentha, tsegulani zenera ndione ngati kachewere wachita maluwa.

A Ayesha anagwira pakamwa. Lufina mwiniwake ankadzimva ngati akumvera munthu wina wa m'chipinda china. Mawuwo sankawaganiza, ankangowapeza ali kale pa lilime.

Anasiya ataona jombo za matope pakhomo. A Silvester anali ataima pamenepo, kaya kuyambira liti, manyowa ali m'mikono, chipewa chili m'manja. Anali atadutsira kudimba, anapeza timitengo tokhatokha ndi mbalame zili yakaliyakali, ndipo pamsika sanachite kufunsa kawiri kuti mwana wawo ali kuti.

Lufina anadzuka n'kugwada bwino. Mawu ake aang'ono aja anali atabwerera.

"Ababa, pepani za nazale. Ndimafuna ndingowamva amayi basi."

A Silvester za nazale sanaziyankhe. Anayang'ana tepi yotafunidwa m'manja mwa Che Idris, ndipo nkhope yawo sinasinthe. Kenako anafunsa, motsitsa kwambiri, kuti mawu a Chichewa aja wawatenga kuti. A Ayesha analowererapo msanga kuti ndi pa kaseti pomwepo basi, nanga mwana akanawatenga kuti.

"Amake Nazira, pa kasetipo palibe Chichewa," anatero a Silvester. "Mawu amenewo anaimba kamodzi kokha, tsiku lomwe anatisiya. M'nyumba tinalimo awiri. Uyu anali ku Biriwiri kwa agogo ake."

Kunja lole inadutsa, mazenera ananjenjemera. Che Idris anayala tepi ija pa tebulo mosamala ngati ingamve kuwawa, n'kubwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma.

A Silvester analowa, anakhala pa wailesi yakufa ija osadziwa n'komwe kuti akhalira chiyani. Anati malemu anaimba mpaka pa maluwa a kachewere pomwepo, mpweya n'kuwathera, ndipo iwo zaka zonsezi sadziwa kuti pambuyo pake pamabwera mawu otani. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso, koma Lufina anaona kuti sakuyang'ana iyeyo.

"Pitiriza," anatero.

Lufina anafuna kunena kuti sakudziwa, kuti akuopa, kuti atenge dengu lake azipita kunyumba. Anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo. Pachifuwa pake panadzaza mpweya wambiri, woposa womwe iye anakoka, ndipo mzere wotsatira unali pomwepo, ukudikira.