Msana wa a Bokrye

Achemwali anga a Bokrye analowa yunivesite ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Tsiku loyamba ana a m'kalasi anaimirira n'kuwaweramira, poganiza kuti mphunzitsi wafika. Iwo anangodutsa mpaka kumbuyo n'kukaima pafupi ndi zenera, ndipo pamalo amenewo anaimapo zaka zisanu ndi zitatu.

Kukhala pampando sankatha. Zikangokwana mphindi makumi awiri, moto unkayamba m'chiuno n'kutsika ndi mwendo wamanzere mpaka kuchala chachikulu. Msanawo unathera kufakitale ya zovala mumzinda wathu uno wa Daegu, kumene analowa ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Atsikana ankasokera m'kachipinda kam'mwamba komwe denga lake silinkalola munthu kuwongoka, ndipo achemwali ankasoka kuti achimwene athu a Deokman aphunzire. Nthawi imeneyo palibe ankaona chachilendo. Ine Jeomsun, mzime, ndinapulumuka chifukwa cha mwano: anandichotsa ntchito sabata yachiwiri, ndipo mpaka lero ndimagulitsa supu pamsika, pamene pakamwa ndi katundu.

Tsiku limene a Deokman anamaliza maphunziro, anavula chipewa chakuda cha ngodya zinayi chija n'kuveka amayi, monga amachitira onse, n'kujambulitsa. Achemwali tsikulo anali pamakina, bwana sanawapatse tchuthi. Nkhaniyi sankaikamba. Koma amuna awo atamwalira, ana palibe, analemba mayeso a sekondale a akuluakulu, kenako anandiuza kuti akupita kukaphunzira mbiri yakale.

"Mbiri yakale?" ndinawafunsa. "Mafumu akufawo ndi amene adzakulembeni ntchito?"

"Iwe gulitsa supu yako," anatero. "Ndikufuna ndidzawaveke amayi chipewa ndi manja angawa. Basi."

Kunyumba ankawerengera pa tebulo lositirapo zovala, atalikweza mpaka pachifuwa. Anali ndi kawotchi kakukhitchini kooneka ngati dzira, kopotokola. Akapotokola ankakhala pansi n'kulemba, kakalira ankaimirira n'kuwerenga, kakaliranso ankagona chagada pansi buku lili m'mwamba. Maphunziro a zaka zinayi anawatengera zaka zisanu ndi zitatu, chifukwa kawiri konse msana unawagoneka chaka chathunthu, ndipo zaka zinazo ankatenga maphunziro ochepa. Ana a m'kalasi ankabwera n'kupita, onse ankawaitana kuti azakhali, ndipo onse ankabwereka makope awo, poti zolemba za munthu wosoka zimawongoka ngati msoko.

Amayi anali kunyumba yosungirako okalamba, nzeru zikubwera n'kupita. Achemwali ankawayendera Lamlungu lililonse n'kuwauza kuti chipewa chayandikira. Tsiku lina ndili pomwepo amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bokrye, uli pasukulu? Nanga makina wasiyira ndani? Deokman adya chiyani?" Ine mtima unandiwawa kwambiri moti ndinatuluka panja. Achemwali anangopitiriza kuwasendera peyala.

Lamulo la sukuluyo linali lakuti zaka zisanu ndi zitatu zikatha, dzina limafufutidwa. Achemwali anatsala ndi mayeso amodzi, otsiriza, a maola awiri, Loweruka loyamba la Disembala. Anawalola kudzalemba choimirira, pa kagome ka mphunzitsi. Dokotala anawabaya jekeseni ya pamsana n'kuwauza zinthu zitatu: osanyamula, osawerama, osagwada. Chimene chinkafunika n'chakuti afike Loweruka akutha kuima, basi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Amayi anamwalira Lolemba la sabata yomweyo.

Ndinaimba foni kusukulu ine ndemwe. Mayi wa mawu aulemu anati ofedwa amapatsidwa masiku asanu, ndipo mayeso akagwa mkati mwa masikuwo amakonzedwa tsiku lina. Ndinawerenga pa zala: Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka linali kunja. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano, iye n'kundipepesa mwaulemu womwewo.

Mwambo wa maliro tinachitira m'chipinda cha pansi pa chipatala, masiku atatu. Chithunzi choika pakati pa maluwa anasankha ndi a Deokman, ndipo titalowa tinapeza amayi akumwetulira atavala chipewa chakuda chija. Achimwenewo anali atadula chithunzi cha tsiku lawo lomaliza maphunziro, kuti nkhope ya amayi ikule.

"Ndi pokhapa pamene anasekerera ndi mtima wonse," anatero achimwene, akupukuta magalasi.

Achemwali anachiyang'ana chithunzicho, kenako anakonza kansalu koyera ka ofedwa m'tsitsi mwawo.

Pamaliro mlendo aliyense amayatsa lubani, amagwadira chithunzi kawiri mphumi mpaka pansi, kenako amatembenukira ofedwa, n'kugwadirana nawo kamodzi. Ofedwa sakana. Alendo akakhala khumi, n'kugwada kakhumi. Tsono achimwene ndi bwana wamkulu pakampani ya zomangamanga, ndipo anthu awo ankabwera awiriawiri, atatuatatu, masuti akuda okhaokha, mzere mpaka pamasitepe.

Ndinawakokera achemwali kuseri, kumene amayi ophika ankawiritsa msuzi wofiira wa alendo.

"Inu muzikhala konkuno," ndinatero. "Muziyang'anira mbale. Kugwadako tigwada ine ndi achimwene."

"Mwana woyamba kubisala kukhitchini pamaliro a mayi ake?"

"Ndiye imani potero muzingoweramitsa mutu. Amene akhumudwe akadzimangirire."

A Deokman anatipeza tikukangana. Sanali munthu woipa, ndiyenera kunena zoona, anali chabe munthu amene moyo wake wonse anapeza mpunga utapsa kale. Anati, "Achemwali, ngati msana ukuvuta, pumani. Kungoti a pulezidenti a kampani abwera masana ano. Mwina pamenepo pokha, kuti zisaoneke mwina."

"Zioneke mwina bwanji?" ndinawafunsa. "Mukudziwa kuti Loweruka ali ndi mayeso?"

"Mayeso? Ndimayesa anamaliza kale zija?"

"Deokman iwe, pita ukalandire alendo ako," achemwali anatero. "Jeomsun, tseka pakamwa, amayi akumva."

Achemwali anapita kukaima pamalo a ofedwa, ndipo mlendo woyamba atatembenuka, anagwada. Ndinamva mpweya wawo ukutuluka m'mano. Podzuka anatsamira dzanja pabondo, n'kuwongoka pang'onopang'ono ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinawanong'oneza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe chimodzi, maliro kapena chipewa. Sanandiyang'ane n'komwe.

A pulezidenti anabwera n'kupita, koma achemwali sanaleke. Anagwadira anthu amene sankadziwa dzina lawo, anyamata a muofesi amene anatumidwa ndi mabwana awo, ena akuyang'ana wotchi ali chigwadire. Tsiku lachiwiri masana kunabwera amayi anayi okalamba, anzawo a kufakitale, onse oyenda mopendekera. Mmodzi wa iwo, a Geumja, ataona achemwali akupinda mawondo anawagwira paphewa.

"Bokrye, usatigwadire ife. Misana yathu tikuidziwa. Ukagwada iwe, ifenso tigwada, ndiye atidzutse ndani?"

Anaseka onse asanu, misozi ili m'maso, ndipo anangogwirana manja. Pa alendo onse a masiku atatu, ndi okhawo amene anawaletsa.

Ine ndinkawerenga, poti mkwiyo umafuna chogwira. Pofika Lachitatu m'mawa, tisananyamule bokosi, achemwali anali atagwada maulendo mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Kumanda, paphiri, anakwera atakolekera dzanja m'khosi mwanga, phazi lamanzere likukwekwereza m'masamba. Pamenepo anagwadanso kawiri, kotsiriza, ndipo anawadzutsa ndi amuna awiri.

Lachinayi ndi Lachisanu anagona pansi kunyumba kwawo, pamalo ofunda kwambiri, poti nyumba za kuno zimatenthetsedwa kuchokera pansi, miyendo ili pa mtsamiro. Ndinatseka supu yanga n'kukhala nawo. Dokotala anati jekeseni ina sangabaye msanga chotero, ndipo anafuna kuwagoneka m'chipatala, koma iwo anakana mpaka Loweruka lidutse. Ankawerenga makope awo ali chagada, manja akatopa ndinkawagwirira ine. Ndinawagulira makeke a mpunga omata, amene timapatsa olemba mayeso kuti mayankho amatirire, ndipo msuzi wa ndere za m'nyanja sindinaphike ngakhale ankaufuna, poti ndi woterera, ndipo amati woudya amaterereka pamayeso. Ine sindikhulupirira zimenezi, koma sabata imeneyo ndinakhulupirira zonse.

Loweruka kunacha kozizira, kuli dzuwa. Mayeso ankayamba 10 koloko. Ndinaitanitsa takisi nthawi ikadalipo, ndinawaveka masokosi, ndinawamanga lamba wa m'chiuno. Anagubudukira chammbali, anagwira mwendo wa tebulo lositira lija, n'kudzikoka mpaka kugwada. Atayesa kuponda ndi phazi lamanzere, mwendo unangopindika ngati suli wawo. Tinayesa kachiwiri, ine nditawakumbatira m'chiuno. Kachitatu anakuwa, ndipo chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akukuwa.

"Ndikuberekani," ndinatero. "Ndiitana woyendetsa takisi atithandize. Mukalemba chogona, akakane aone."

"Ndikafika kumeneko ndikagona pakhonde ngati thumba la mpunga, ana aja akundilumpha?" anatero. "Chala ichi sindikuchimva, Jeomsun. Muuze bamboyo azipita."

Ndinatsika kukamuuza. Pobwera ndinapeza atadzikokera pamalo awo, akuyang'ana kudenga, kawotchi ka dzira kali pachifuwa.

"Tenga pepala la buluu pa tebulopo," anatero. "Ndi mafunso a chaka chatha. Ikakwana teni, undiwerengere."

Ndinafuna kukana, koma ndinakhala pansi pambali pawo. Itakwana 10 koloko anapotokola kadzira kaja mpaka kumapeto, ola limodzi, ine n'kuwerenga funso loyamba, lokhudza misonkho ya alimi m'nthawi ya mafumu. Anayankha pang'onopang'ono, ndime ndi ndime, akutchula zaka ndi mayina ngati akuwerenga padenga. Ululu ukabwera ankatseka maso, ukadutsa ankapitiriza pa mawu omwe anasiyira. Ine wa supu sindinkadziwa ngati akukhoza kapena ayi, koma sanakakamire paliponse. Kadzira katalira anakapotokolanso.

Lili mkati funso lachitatu, foni yanga inalira. Anali a Deokman. Ndinaisiya, kenako panabwera uthenga wakuti anthu onse kuofesi akuyamikira mmene maliro anayendera mwaulemu, makamaka achemwali, ndipo tiwathokozere. Ndinaitembenuza foniyo chafufumimba n'kuwerenga funso lachinayi.

Kadzira kanalira kachiwiri iwo atangomaliza chiganizo.

"Ndikanakhoza," anatero.

"Ndikudziwa." Pamenepo mkwiyo wa masiku asanu unandisefukira. "Nanga munagwadiranji? Anthu osawadziwa, amene lero sakukumbukira n'komwe nkhope yanu. Zaka zisanu ndi zitatu, achemwali. Amayi sakanadziwa."

"Sindimagwadira anthuwo."

"Nanga ndani?"

Misozi inayamba kuwatsikira m'makutu, poti munthu wogona chagada misozi imalowera kumeneko.

"Lolemba lija, atandiimbira foni, ndinaona kuti chipewa chilibenso mutu wochivala," anatero. "Ndinalibe china chowapatsa. Moyo wanga wonse amayi ankangodziwa kulandira chinthu chimodzi kwa ine, ndi msanawu. Ndinati atenge wotsalawo."

Ndinalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalirira iwo, kapena amayi, kapena kamtsikana ka zaka khumi ndi zinayi kamene sindinakathandize. Iwo anatambasula dzanja n'kundipatsa kadzira kaja.

"Tenga, uziphikira mazira a supu yako. Kamasunga nthawi bwino."

Kalata ya kusukulu inabwera mu Febuluwale, mwezi umene omaliza maphunziro amavala zipewa, achemwali ali m'chipatala atachitidwa opareshoni. Sanaitsegule. Tsopano amayenda ndi ndodo, amakhala kwa ine, ndipo m'mawa amandisendera adyo ali chiimirire. Tsiku limene tinkasamutsa katundu wawo ndinawafunsa za tebulo lija, ngati ndilisiye lokweza momwemo.

"Litsitse," anatero. "Ndi lositirapo zovala."