Jekete Losungira Malo

Foni inalira basi ikukwera mtunda. Atelala anaitulutsa m'thumba la malaya n'kuitalikitsa ndi maso kuti aone dzina. Anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo.

"Alamu, mukadali moyo?"

"Ee."

"Mwafika pati?"

Atelala anapukuta nthunzi pagalasi ndi chikhatho. Kunja kunali minda yopanda mbewu, yoyera mbuu ndi chisanu, ndi chikwangwani cha zilembo zimene sankatha kuwerenga.

"Pakati."

"Pakati pa chiyani? Inu mawu mumachita kugula kodi? Mkulu wanga anali wopirira. Zaka makumi atatu, 'ee' ndi 'ayi' basi."

Linali tsiku lachitatu chichokereni kwawo, lachiwiri chiwolokereni malire. Mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomutcha Mzime, anali m'chipatala kumapeto kwa dziko lachilendolo. Anali ndi chotupa m'mimba, ndipo madokotala anati amuchita opaleshoni mawa lake, seveni koloko m'mawa. Iye anapempha chinthu chimodzi: aone bambo ake asanalowe.

"Mkamwini wanu wandiimbira," anapitiriza mlamuyo. "Akuti anapempha kudzakutengani pamalire pa galimoto, inu n'kukana."

"Miyendo ndili nayo."

"Miyendo yake iti? Imene imalira ngati makina anu osokera akasowa mafuta? Zaka ziwiri zakwana, alamu. Mwakwiya mokwanira."

"Sanabwere naye Mzime kumaliro."

"Mapepala a Mzime anali asanatuluke. Akanachoka m'dzikomo sakanaloledwa kubwereranso. Mukudziwa bwino."

"Mayi ake anaikidwa iye kulibe. Ndikudziwa zimenezo."

Atelala anadula foni.

M'basimo munali motentha ngati m'chipinda chositira. Jekete lawo anali atalivula kalekale n'kulipinda pamiyendo. Analisoka okha sabata yonyamuka, m'kati n'kuikamo bulangete lakale, chifukwa Mzime anawachenjeza kuti kuzizira kwa kuno si kwa kwawo.

Dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka, basi inakhota n'kuima pa nyumba yodyera ya m'mbali mwa msewu. Dalaivala anaimirira, nayankhula m'chinenero chake, n'kukweza zala zonse khumi kawiri. Anthu anatsika mothamanga.

Panja panaima anthu anayi ndi zikwama, odikira kukwera. Mmodzi, bambo wa chipewa chaubweya, ankasuzumira pazenera lenileni la Atelala. Iwo anachita zimene akhala akuchita zaka makumi anayi pa basi iliyonse: anayala jekete pampando, mikono yake n'kuitambasula bwino, kuti aliyense aone kuti malowo ali ndi mwini. Khomo la nyumbayo linali pafupi, mapazi khumi okha. Juzi inali yokwanira.

Kuchimbudzi kunali mzere. Atamaliza, anatsegula mpopi ndipo munatuluka madzi otentha. Zala zawo, zimene zinkawawa chiwolokereni malire, zinamasuka chimodzichimodzi. Anazisiya m'madzimo. Kenako anagula tiyi kwa mayi wonenepa wa epuloni yobiriwira, pongoloza ketulo, n'kukhala pafupi ndi chitsulo chotenthetsa m'nyumba. Sanade nkhawa. Kwawo basi sinyamuka hutala isanalire katatu, ndipo pamakhala wina wowerenga mitu n'kukuwa kuti kwatsala mdala wa jekete.

Atatuluka, pamene panaima basi panali madontho a mafuta okha.

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene anapeza migolo ya zinyalala ndi galu womangidwa. Mphepo inalowa m'juzi ngati kuti sanavale kanthu.

Anabwerera kwa mayi wa epuloni n'kumuonetsa tikiti. Mayiyo anagwira pakamwa, nayankhula zambirimbiri, kwinaku akuloza msewu. Ataona kuti mdalayo sakumva, anang'amba kapepala, najambula basi, nalemba 12, kenako analoza kalendala yapakhoma pa tsiku la mawa. Manambala Atelala ankawadziwa. Basi ina inali mawa masana. Mzime akanakhala atalowa kale.

Atelala anapinda kapepalako. Anapita kumsewu n'kuima m'mphepete, dzanja m'mwamba. Galimoto zinkadutsa ngati mphenzi. Woyendetsa lole ina anawayang'ana, n'kuwaimbira hutala yowathamangitsa. Anasintha dzanja. Anaimitsa ndi manja onse awiri. Makutu anayamba kuyaka, kenako anasiya kuwamva. Pamene ankabwerera m'nyumbamo, nsagwada zinkagundana moti analephera kuthokoza mayi uja, amene anawakankhira pampando wa pafupi ndi chitsulo chotentha n'kuwafunditsa nsalu ya patebulo.

Zala zitayambanso kumvera, anaimbira mlamu wawo.

"Basi yandisiya."

"Yakusiyani bwanji? Munali kuti?"

"Ndimamwa tiyi."

Mlamuyo anaseka mpaka kutsokomola. "Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndiye katundu?"

"Wapita. Jekete lomwe."

"Jekete munalivuliranji kunja kukuzizira?"

"Ndimasungira malo."

"Malo? Alamu, tatengani tikiti yanuyo. Palibe nambala ya mpando pamenepo?"

Atelala anaitambasula. Pakona panali kachithunzi ka mpando ndi nambala 17.

"Ilipo."

"Ndiye mumasungira ndani malo anu omwe? Jekete likafika kwa Mzime lili phee pazenera, mwini wake ali pamsewu ngati mbuzi yosokera. Safunsa anadya phula." Anasekanso pang'ono, kenako mawu anatsika. "Ina ibwera liti?"

"Mawa masana."



"Muimbireni mkamwini."

"Ndipeza njira."

"Njira yake iti? Chinenero simuchidziwa, malo amene muli simukuwadziwa dzina. Muyenda wapansi?"

"Muimbireni inu."

"Ayi. Ndakhala mtenga wanu zaka ziwiri, ndatopa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ine mkulu wanga ndinamulira, ndipo ndinamaliza. Inu mukufuna mulirenso wina musanamuone?"

"Musatero."

"Ndatero kale."

Ulendo uno anadula ndi mlamuyo.

Atelala anakhala akuyang'ana wotchi yapakhoma. Basi ina inaima, koma yolowera kumene anachokera. Anthu analowa, anadya, anatuluka, ndipo inanyamuka mwakachetechete, popanda hutala. Mayi wa epuloni anawabweretsera tiyi wina. Atelala atapisa m'thumba kuti alipire, mayiyo anawamenya dzanja pang'ono ngati mwana.

Foni inaliranso. Anali Mzime.

"Bambo, mwayandikira?"

"Ndili panjira."

"Mukuzizidwa? Mawu anu akunjenjemera."

"Ndi basi."

"Andiletsa kudya kuyambira madzulo ano." Anapuma. "Andipatsa pepala loti ndisaine, lonena zimene zingachitike. Ndaliwerenga lonse. Ndikanapanda kuwerenga."

"Usaope."

"Ndikuopa, bambo. Amayi sindinawatsanzike. Musachedwe."

"Ndifika."

Atatsitsa foni anaona kuti moto watsala kachidutswa kofiira, ndipo chingwe chotchajira chinali m'chikwama chimene chinapita. Anatsegula mndandanda wa mayina. Nambala ya mkamwini anaisunga kumapeto, pa dzina loti Uja. Chala chinaima pamwamba pake nthawi yaitali. Anakumbukira tsiku la maliro: mpando umene anasungira Mzime pafupi ndi bokosi, ndi anthu akunong'onezana kuti mwana wamkazi ali kuti. Mkwiyo unali pomwepo, sunachepe. Anadina.

Inangolira kamodzi.

"Bambo?"

"Ndine."

"Mwafika kale? Basi imayenera kufika madzulo."

"Yandisiya."

Mkamwini sanaseke, sanafunsenso kuti zatheka bwanji. "Muli pati?"

"Sindikudziwa."

"Pali munthu pafupi? Mupatseni foni."

Atelala anakodola mayi wa epuloni. Iye anapukuta manja, nalandira foni, nayamba kuyankhula mokweza, akuloza mdalayo, akuloza msewu, akudzigwira mapewa kusonyeza jekete. Anaibweza akugwedeza mutu.

"Ndapadziwa," anatero mkamwini. Kumbuyo kwake kunkamveka mawilo a bedi la chipatala. "Ndi maola anayi kupita, anayi kubwera, ngati msewu sunaundane. Katundu ndiuza mnzanga akatenge kudepoti. Koma bambo, ndikachoka pano atsala yekha tsiku lonseli, ndipo ndiyenera kumuuza chifukwa chake. Ndinamulonjeza kuti sindisuntha."

Atelala anayang'ana kumsewu, kumene malole ankadutsa.

"Pamalire munati galimoto yanga simudzaikwera muli moyo. Sindikufuna ndimusiye yekha, ndiyende mtunda wonsewo, ndidzakupezeni mwaima pamsewu mukuimitsa malole. Ndiuzeni inuyo. Ndibwere?"

Mayi wa epuloni anali ataima ndi ketulo m'manja, akuwayang'ana pakamwa ngati akumva. Foni inalira kamodzi, kuchenjeza za moto.

"Bwerani."

"Chabwino."

"Mumuuze kuti ndalakwitsa ndine. Osati basi."

"Ndimuuza. Musatulukenso panja, bambo."

Galasi la foni linada. Atelala anaiika m'thumba la malaya, nakoka mpando kuti uyang'ane kumsewu. Maola anayi odikira sanawaope. Moyo wawo wonse unali wokhala pampando. Chimene chinkawalemera chinali maola anayi enawo, awiriwiri m'galimoto, popanda mlamu wowayankhulira. Anakokera nsalu ya patebulo m'mapewa, nayamba kufunafuna mawu oyambira.