Chilimira cha Che Mfaume

Mwalimu Aroni atapuma pa ntchito yophunzitsa ku Msumba, anthu sanafune kuti lilime lawo lichite dzimbiri. Anawasankha kuti aziwaimira ku konselyu, bwalo la alangizi limene linkakumana ku Metangula kukambirana za chitukuko cha distiritu. Ankapitako pa njinga atavala jekete lomwe ankalowa nalo m'kalasi, ndipo akaimirira kuti alankhule, ngakhale owodzera ankadzidzimuka.

Nkhani imene inali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho inali ya mlatho. Kamtsinje kena kodutsa pakati pa midzi ya m'gombe kanakokolola mlatho wake zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo mvula ikayamba, ana okaphunzira ku shikola ndi amayi opita ku sikelo ankawoloka madzi ali m'chiuno. Chaka ndi chaka ankauzidwa kuti ndalama zichokera ku Maputo. Zikanyamuka kumeneko zinkafika ku Lichinga mochedwa, zitaonda kale, ndipo potsikira kunyanja zinkangokwanira malipiro ndi mafuta a galimoto.

Pa msonkhano wa mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, mlembi wa bwalo anawerenga kalata yonena kuti ndalama za chaka chamawa zadulidwanso. Woyamba kuimirira anali Felizarda, mayi wa sitolo wa ku Meluluca, wa chipani china, amene ali mwana anaphunzitsidwa ndi a Aroni omwewo.

"Nsomba zathu zimadyedwa ku Lichinga," anatero Felizarda. "Matabwa athu amakwera malole ife tikuona. Ndalama za ku Maputo si mphatso ayi, ndi zathu zomwe. Tilembe kalata, tisankhe anthu akaipereke pamanja, ndipo asabwereko opanda yankho."

Anthu anaomba m'manja. A Aroni anamva kanthu kakuwabaya m'mtima. Kamtsikana kamene anakaphunzitsa kugwira choko lero kakuomberedwa m'manja iwo ali chikhalire? Anaimirira, nakonza jekete.

"Makalata talemba angati, abale anga? Munthu akamera ndevu salirira bere. Tulukani panja apa muone maboti amene ali pa gombe. Lamulo la lisensa lilipo kalekale, koma olipira ndi angati? Nyanja tili nayo pakhomo, koma dzanja tikutambasulira munthu wokhala ulendo wa masiku anayi. Titolere zathu, timange mlatho wathu!"

Chipinda chonse chinaphulika. Phokoso litatsika, Felizarda anakweza dzanja.

"Mwalimu, funso limodzi. Ndalama za lisensazo zikatoleredwa, zigona kuno kapena zikwera basi?"

Yankho a Aroni ankalidziwa. Masabata angapo m'mbuyomo mlembi anawaonetsa pepala lonena kuti ndalama zoterezi zimayamba zalowa m'thumba lalikulu la boma, ndipo chobwerera kumudzi ndi kagawo chabe, pa nthawi imene eni thumba afuna. Koma m'makutu mwawo munali mukadali kulira m'manja muja.

"Felizarda mwananga," anatero akumwetulira, "masamu ankakuvuta kuyambira kale. Khala pansi, ndidzakufotokozera pa bolodi."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Felizarda anakhala pansi, ndipo manja atakwezedwa, ganizo la a Aroni linapambana.

Afisikali, otolera lisensa aja, anafika ku Chiwanga mu Januwale. Inali nthawi yoipa. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, usipa unkawolera pa thandala, ndipo m'nyumba zambiri munalibe ngakhale ya sopo. Amene anapezeka opanda pepala analandidwa maukonde. Chimodzi mwa zimene zinakwezedwa m'galimoto tsikulo chinali chilimira cha Che Mfaume, ukonde waukulu wa usipa umene unkadyetsa mabanja a alovi, asodzi okoka ukondewo, asanu ndi anayi.

Che Mfaume sanali munthu wamba kwa a Aroni. Nthawi ya nkhondo, midzi ya m'gombe ikuotchedwa, anali Mfaume, mnyamata wa ku mzikiti, amene anatenga bwato la bambo ake n'kuwolotsa banja lonse la a Aroni kupita ku Likoma. Anapalasa mpaka zikhatho kusupuka, ndipo sanalandire kanthu. Kuchokera pamenepo, Khirisimasi ikafika Che Mfaume ankadya ku Msumba, Idi ikafika a Aroni ankadya ku Chiwanga.

Patapita masiku atatu, m'mawa, a Aroni anaona mnzawoyo akulowa pabwalo, kofiya yoyera kumutu, kampango wamkulu ali lendelende kudzanja.

"Achimwene, mwamva zandigwera?"

"Ndamva, Che Mfaume. Pepani kwambiri."

"Ine pepala sindilidziwa. Inu ndinu munthu wa cholembera, ndipo kumeneko amakumverani. Ndilembereni kalata, muwauze kuti ndilipira mvula ikatha. Andibwezere ukonde kaye. Ndilipira ndi chiyani ukonde uli m'manja mwawo?"

A Aroni anaimirira. Analowa m'nyumba, natenga pepala, nalemba kalata yabwino kwambiri ya Chipwitikizi chosalala. Che Mfaume anakhala pakhonde nthawi yaitali, tiyi amene mayi Antonieta, akazi a a Aroni, anawapatsa mpaka kuzizira. Ankangoyang'ana mnzawoyo akulemba. Potsiriza anadinda chala, nasiya kampango uja, napita.

"Mwawauza?" anafunsa mayi Antonieta, amene ankadziwa zonse.

"Ndiwauza."

"Liti?"

A Aroni anapinda kalata ija. Kampango ataphikidwa anati m'mimba simuli bwino.

Kalatayo anaitenga okha kupita nayo ku Metangula. Bambo wa pa desiki anawalandira mwaulemu, nawerenga, napukusa mutu. Lamulo linali lakuti mwini ukonde alipire lisensa ndi chindapusa chomwe, kenako ukonde utuluke. Kudzera pa chitseko chotseguka a Aroni anaona maukonde ataunjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu, pansi pa denga lodontha.

"Nanga zimene zatoleredwa kale," anafunsa motsitsa mawu, "zayamba kusungidwira mlatho?"

"Zinapita kale, Mwalimu. Pano tikudikira kuti atibwezere gawo lathu."

Anabwerera akukankha njinga, mphamvu yopalasa palibe. Za ku Maputo anthu ankazidikirabe monga kale, kungoti tsopano ankadikira maukonde a anthu atatsekeredwa.

Alovi a Che Mfaume anabalalika. Mwana wamwamuna wa Che Mfaume, Hilal, amene anali atangokwatira kumene, anasiya mkazi ali ndi pakati n'kupita kokumba golide kumpoto. Che Mfaume eni ake, imvi zili mbuu, anakapempha malo pa boti la munthu amene kale anali mlovi wawo, n'kumakoka chingwe pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Zonsezi a Aroni ankazimva kwa anthu, chifukwa iwo anasiya kudzera ku Chiwanga. Akamapita ku Metangula ankazungulira njira ya kumtunda, yaminga ndi miyala. Lamulungu m'tchalitchi, mpingo ukafika pa pemphero lovomereza machimo, iwo ankangogwedeza milomo.

Ankadziuza kuti lamulo sanalipange iwo, kuti Mfaume akanalipira kalekale, kuti manja anakwezedwa ndi anthu ambiri. Zonsezo zinali zoona. Koma akangotsiriza kudziuza zimenezi, ankamva mawu a Felizarda akufunsa funso lake lija, ndi kuseka kwa anthu kumene iwo analiphimba nako.

Tsiku lina mu Malichi anakumana ndi mayi Pili, akazi a Che Mfaume, pa kamtsinje kopanda mlatho kaja. Mayiyo anali atangowoloka, nsalu itanyowa mpaka m'chiuno, beseni la chinangwa pamutu. Pothawira panalibe.

"Mwalimu! Mwasowatu kwathu. Takulakwirani?"

"Ayi mayi, ntchito chabe."

"Mulungu akudalitseni chifukwa cha kalata ija. Ngakhale sinathandize, tinaona kuti tili ndi m'bale. Ena onse anangotiyang'ana."

Anatula beseni, nasankha chinangwa chachikulu chiwiri, nawaikira pa keliyala ya njinga. A Aroni anakana, koma mayiyo anaseka n'kumangirira yekha ndi luzi. Atapita, a Aroni anakhala pa mwala m'mbali mwa madziwo mpaka jekete linanyowa ndi mvula yowaza.

Pa msonkhano wa mu Epulo anapempha kulankhula moyambirira. Anthu anakhala bwino, kuyembekezera miyambi ndi nthabwala.

"Mu Novembala mayi Felizarda anandifunsa funso," anatero. "Yankho ndinkalidziwa. Ndinali nditaona pepala lonena kuti ndalamazo sizikhala kuno. Ndinabisa, ndipo ndinawachititsa manyazi pamaso panu kuti mawu anga apambane. Munakweza manja chifukwa ndinakunamizani. Mayi Felizarda, pepani."

Atatero anakhala pansi. Kenako mkangano unabuka. Ena anati lisensa ndi lamulo, silibwerera m'mbuyo. Ena anati bwalo lonse lachita manyazi. A chipani cha a Aroni ankawayang'ana ngati munthu amene waulula za kuchipinda pamsika. Anakangana mpaka masana, ndipo pamapeto anagwirizana kupempha kuti maukonde abwezedwe, eni ake azilipira pang'onopang'ono usipa ukayamba kugwidwa.

Panja, a Aroni anauza Felizarda kuti atula pansi udindo.

"Kumeneko n'kuthawa, Mwalimu," anatero mayiyo osamwetulira. "Mwagwetsa nkhokwe, ndiye mukufuna atole chimanga ndi ena? Khalani. Kalata ya ku Maputo ija mulemba ndinu. Chipwitikizi chanu n'chabwino kuposa changa."

Chilimira chinatuluka mu Meyi. A Aroni analipira okha galimoto yochinyamula, nakwera kumbuyo pamodzi nacho mpaka ku Chiwanga. Atachiyala pamchenga, anthu amene anasonkhana anagwira pakamwa. Makoswe anali atachiboola malo osawerengeka, mabowo ena oti munthu n'kudutsa ataimirira. Che Mfaume anachizungulira pang'onopang'ono, akusisita phewa limene linawapweteka pokoka chingwe cha eni. Anthu atabalalika, a Aroni anavula chipewa.

"Che Mfaume, pali mawu amene ndinayenera kukuuzani tsiku lija pakhonde. Amene anaimirira ku konselyu kuti afisikali abwere ndine. Ndipo ndinkadziwa kuti ndalamazo sizimanga mlatho."

Che Mfaume anapitiriza kuyang'ana ukonde.

"Ndinamva sabata yomweyo, achimwene. Gombe lilibe chinsinsi."

"Munkadziwa? Nanga munabwereranji kwa ine?"

"Ndikanapita kwa yani? Ndiponso ndinkati mwina mundiuza nokha. Ndinakhala pakhonde panu mpaka tiyi kuzizira." Anatola chingwe choduka, nachiponya pambali. "Za lisensa sizinandipweteke kwenikweni. Sindinalipire, ndinalakwa. Munthu amalankhula pa bwalo osadziwa kuti mwala ukagwera yani. Koma inu munalandira nsomba yanga."

A Aroni anayang'ana kunyumba.

"Mayi Pili akudziwa?"

"Sindinawauze. Muwauza nokha. Ali kuseriko."

Anapita. Mayi Pili anali kupeta mpunga. Anamvetsera mpaka kumapeto, lichero lili pamiyendo, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Ndiye Hilal wanga mukamutenga ndinu?" Atatero analowa m'nyumba.

M'mawa mwake a Aroni anabweranso, opanda jekete. Che Mfaume anawayang'ana, nawapatsa singano yosokera ukonde ndi mpukutu wa ulusi, nawasonyeza bowo laling'ono. Zala zozolowera choko zinkamanga mfundo zotayirira, ndipo masiku oyambirira Che Mfaume ankamasula zonse n'kuyambiranso, osadzudzula, osayamika. Anasoka Juni yense, mwera ukuwathira mchenga m'maso. Ankalankhula za mphepo ndi za mtengo wa ulusi basi.

Chilimira chinalowanso m'madzi mu Ogasiti ndi alovi asanu ndi mmodzi. Hilal anatumiza uthenga kamodzi kuti ali moyo, koma mwana wake anabadwa iye kulibe. Kalata ya bwalo inapita ku Maputo, ndipo yankho linabwera lakuti nkhaniyo ikuunikidwa. Mayi Pili akakumana ndi a Aroni pa njira amapereka moni monga mwa mwambo, n'kupitiriza ulendo. A Aroni amapitabe ku Chiwanga Lachiwiri lililonse, chifukwa ukonde wakale sulephera pong'ambika, ndipo mfundo zawo tsopano zimagwira.