Beseni la Bwana Wopereka Chikho

Mbiri inafika mumsika wa osula mkuwa ku Kairo dzuwa lili paliwombo: bwana wopereka chikho kwa Sultani wamangidwa, ndipo asilikali akutola aliyense wodya naye. Ife beseni lake linali pachitsa chathu chosulirapo, dzina lake litazungulira mlomo wonse m'zilembo zitalizitali zasiliva.

Amuna anga, a Ghazi, anali atalisula miyezi yambirimbiri. Iwo ankakumba timizere mumkuwa n'kukhomeramo siliva, ine n'kumapaka phula lakuda m'mipata kuti zilembo ziwale. Maso awo anali atayamba chidima, ndipo tonse tinkadziwa kuti lina lotere sadzapanganso.

"Bambo a Nafisa, tikaliponye m'chitsime," ndinatero.

"Chitsime cha msika wonsechi? Mawa alivuula ndi ndowa."

Anatenga tchizulo n'kuyamba kutokosola siliva. Koma luso lawo lomwe linawaukira. A Ghazi sankakanda pamwamba ngati anzawo aulesi aja. Mizere yawo inali yakuya, yokumbira cham'kati kuti siliva agwire mpaka kalekale. Siliva anachoka movutikira, koma dzina linatsala mumkuwamo, loti ngakhale wakhungu akanaliwerenga ndi chala.

Kunja asilikali ankagogoda khomo ndi khomo, akuyandikira. Mantha anandigwira.

"Ndipatse chinyundo chija," anatero a Ghazi.

"Taganizani kaye, bambo."

"Mayi a Nafisa, ukufuna beseni kapena mwamuna?"

Ndinawapatsa. Anamenya padzinapo misozi ili chuchuchu, osaleka mpaka zilembo ndi zithunzi za mbalame ndi alenje apakavalo zonse zinaphwanyikira pamodzi. Mtima unandiwawa kwambiri, koma ndinapumako: dzina linali litapita.

Kenako msilikali analowa, munthu wachikulire waulemu wake.

"Ndinu a Ghazi? Musaope, bambo, amisiri sitikuwagwira. Kungoti katundu yense wa womangidwayo tsopano ndi wa Sultani. Mbiri ya beseni lanu anaimva, ndiye akulifuna lero lomwe lino."

Msilikaliyo anayang'ana pachitsa, anayang'ana tizidutswa ta siliva tili mbwee pansi, kenako chinyundo m'manja mwa amuna anga.

"Waphwanya katundu wa Sultani ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname kuti ndine, koma a Ghazi anandiponda phazi. Anaika chinyundo pansi bwinobwino, n'kutambasulira msilikaliyo manja onse awiri.