Chikhothi cha a Ngowe

Mvula itangokata Lachitatu m'mawa, a Ngowe anagwada kumbuyo kwa bulekidawuni yawo, kansanza kali m'manja. Anamasula waya wokokera magalimoto kuchoka pa winchi, n'kuyamba kumupukuta ndi kansanzako kuyambira kumutu mpaka kumapeto, monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sikuti ankachotsa fumbi ayi, kumeneko kunali kumufunsa waya kuti wadzuka bwanji. Waya wabwino nsanza imangotsetsereka, koma wotopa amatulutsa timinga ndipo nsanza imakodwa. Tsiku limenelo inakodwa malo atatu.

Anayang'ana uku ndi uku. M'bwalo la garaja munali magalimoto ophwanyika okhaokha, ena opanda maso, ena atayasama. A Ngowe anasolola pulayala m'thumba, n'kudula timingato, n'kukulungapo tepi yakuda. Atayendetsanso nsanza, inadutsa bwinobwino. Munthu wamkulu ngati iwo ankadziwa kuti tepi sichiritsa waya, imangomutseka pakamwa. Koma anali atapita kale katatu kukapempha waya watsopano ku ofesi, ndipo katatu konse anauzidwa kuti adikire mwezi wamawa.

"Madala, mukumumanga mabandeji wodwala wanu uja?"

Anali Wailesi, dalaivala mnzawo, amene anapatsidwa dzinalo chifukwa pakamwa pake sipankazima. Anali atanyamula pepala lopindidwa panayi.

"Iwe ulibe galimoto yoti upukute?" anatero a Ngowe, akubisa pulayala.

"Ndili ndi kalata yoti musaine. Ndi sabata yachiwiri ino mukundizemba ngati ndine apongozi anu."

Kalatayo a Ngowe ankaidziwa pamtima. Madalaivala ankapempha zinthu zitatu: waya akatopa azisinthidwa, azipatsidwa magolovesi, ndipo maola odikira aziwerengedwa ngati ntchito. Pakuti pagarajapo munthu ankalipidwa akabwera ndi galimoto basi. Ukhoza kukhala pabenchi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, foni ili m'manja, koma ngati tsikulo anthu ayendetsa bwino mumsewu, iwe wagwira ntchito ya ulere. Wailesi ankakonda kunena kuti iwo ndi anthu okhawo amene amadya mnzawo akagwa m'ngalande. Anthu ankaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Asanu ndi awiri anali atasaina kale. Mzere wapamwamba anausiya dala wopanda dzina.

"Ife tikalankhula, bwana amati ndi phokoso la ana," anatero Wailesi. "Koma inu mukangotsokomola, ofesi yonse itembenuka. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Ndiye wandiyesa galu tsopano?"

"Wamkota, madala. Ulemu umenewo."

A Ngowe anaseka pang'ono, koma mtima unali kwina. Anali atatsala ndi chaka chimodzi ndi theka kuti apume. Bwana wamkulu, amene anawalemba ntchito n'kuwaphunzitsa kukoka galimoto, anamwalira kale, ndipo garaja inali m'manja mwa mwana wake. Mwezi wathawo dalaivala wina atadandaula za mabuleki, bwana wamng'onoyo anangotambasula dzanja, kulandira makiyi, n'kumuloza geti. Anati kunja kuli madalaivala ambiri amene akungowothera dzuwa. A Ngowe ankaopa, ndipo sankadzinamiza kuti ndi china. Ankaopa kubwerera kunyumba masana, opanda makiyi, pa msinkhu woti palibe angawalembenso.

"Linda madzi apite ndiye uziti ndadala," anatero. "Ine madzi anga atsala pang'ono kupita. Bweretsa, ndikaiwerengenso."

Anaika kalatayo m'thumba lam'kati la chikhothi chawo, Wailesi n'kuchoka akupukusa mutu.

Chikhothi chimenechi chinali ndi mbiri yake. Anasoka ndi akazi awo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, kunja nsalu ya tenti, m'kati bulangete lakale, ndipo kulemera kwake kunali ngati wabereka mwana. Anthu ankawaseka kuti amayenda nacho ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sankadziwa kuti ntchito yake yeniyeni sinali yofunda. Bwana wamkulu uja ndiye anawaphunzitsa kuti usanayambe kukoka, uziyanika chinthu cholemera pakati pa waya, kuti akaduka asauluke ngati chikwapu, agwere pansi. Garaja sinagulepo chinthu choterocho, choncho a Ngowe ankayanika chikhothi chawo. Zaka zonsezo chinangodetsedwa ndi girisi, waya osaduka.

Foni inalira cha m'ma teni koloko. Kagalimoto konyamula mazira kanali katatsetserekera m'chigwembe, pakhona yodutsa mlatho wawung'ono. Inali ntchito yawo yoyamba sabata imeneyo, moti anadumphira m'galimoto ngati mnyamata.

Anapeza kagalimotoko katazika mphuno m'matope, matayala akumbuyo ali pamwamba pang'ono. Mwini wake, mayi wojintcha wovala juzi yofiira, anali akuzungulirazungulira m'mphepete, manja ali kumutu. Anthu odutsa anali ataunjikana kale, aliyense ali ndi nzeru zake za momwe angakatulutsire.

"Bambo, mwafika ngati mngelo," anatero mayiyo. "Mazira amenewa akudikiridwa kusitolo isanakwane thwelofu. Ambiri sanasweke. Chonde, muzikoka ngati mukudzutsa khanda."

"Musadandaule, mayi. Zagwa zazikulu kuposa iyi, ndipo zinatuluka."

Anatsika kukaponda m'mphepete mwa msewu, phazi linalowa mpaka m'kakolo. Nthaka inali yofewa, ndipo bulekidawuni ikanayandikira, ikanatsatira inzake m'chigwembemo. Anayenera kuima patali, pa tala. Kuima patali kunatanthauza kumasula waya yense. Masiku ena malo odwala aja ankatsalira pa winchi, okulungidwa pansi pa anzawo, osamva kulemera. Lero anatuluka onse. A Ngowe akutsetsereka ndi ngowe m'manja, anaona tepi yoyamba ikudutsa, kenako yachiwiri, kenako yachitatu, zonse zili poyera ngati zipsera.

Anakola ngowe pachitsulo chakumbuyo kwa kagalimotoko, n'kuima kaye. Njira ina inalipo: kuimbira Wailesi kuti abwere ndi yake. Koma lamulo la garaja linali loti wabweretsa galimoto ndiye walipidwa, ndipo masiku awiri anali atapita iwo ali pabenchi. Anayang'ananso kagalimotoko. Kanali kakang'ono, katundu wake mazira. Anadziuza kuti waya ameneyu anakokapo malole, sangalephere nkhuku zosabadwa.

"Aliyense apite kuseri kwa mtengo uwo!" anakuwa. "Inunso mayi. Waya sadziwa mwini galimoto."

Anthu anasuntha mong'ung'udza. A Ngowe anavula chikhothi, n'kuchiyanika pa waya pafupi ndi tepi yapakati, manja ake akulendewera uku ndi uku. Anabwerera ku winchi n'kugwira chogwirira.

Waya anadzuka m'matope, n'kuwongoka, n'kuyamba kulira kamawu kake kakang'ono. Kagalimoto kanagwedezeka. Matope anakana kaye, kenako analola, matayala n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. A Ngowe maso anali pa tepi. Sanaone kuti kumbuyo kwa kagalimotoko matileyi a mazira ayamba kupendekeka. Mayi uja ndiye anaona. Anachoka kuseri kwa mtengo akuthamanga, manja ali patsogolo, kuti akawagwire.

"Mayi, bwererani!"

Mawuwo anatuluka limodzi ndi kuphulika. Waya anaduka patsogolo pa chikhothi, ndipo mbali ya ku winchi inabwerera ndi ukali wonse, kulunjika kumene kunali juzi yofiira. Chikhothi chinapita nayo. Chinadzikulunga pa waya, n'kumulemera, n'kumugwetsera pansi. Nsonga yake inakwapula matope patsogolo pa mayiyo, malo oti akanaponda kamodzi kokha akanafikapo. Kagalimoto kanabwerera m'chigwembe mwakachetechete, ndipo kumbuyo kwake kunamveka mazira akusweka.

Mayiyo anayang'ana mzere umene waya anajambula m'matope, kenako anayang'ana miyendo yake, ngati akuiwerenga. Anakhala pansi pomwepo.

A Ngowe anazimitsa winchi. Anapita kukamasula chikhothi pa waya. Chinali chitang'ambika kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, bulangete lam'kati lili panja, ndipo timawaya tina tinali titalowa m'nsalu ya tenti ija ngati singano.

"Bambo inu, Mulungu akudalitseni," anatero mayiyo. "Chikhala kuti simunayanike chimenecho, bwenzi ana anga akulira lero. Ine ndiye wosamva. Munandiuza."

Anthu aja anavomereza, wina mpaka anawomba m'manja. Kuyamikako kunawapweteka a Ngowe kuposa kutukwanidwa. Anachita manyazi aakulu, oti sanawamvepo chiyambire ntchito.

"Musandithokoze, mayi," anatero. "Waya ameneyu ndinamudziwa m'mawa kuti watopa. Ndinamumata tepi ndi manja angawa."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe.

"Nanga munabwereranji naye?"

"Ndinaopa kukhala pabenchi."

"Ine ndinathamangira mazira," anatero mayiyo, akupukuta matope pa juzi. "Tonse tinathamangira mazira, bambo."

A Ngowe anapisa m'thumba lam'kati la chikhothi. Kalata ija inalimo, yonyowa pakona imodzi, koma mayina asanu ndi awiri aja ankawerengeka. Cholembera chawo ndicho chinali chitathyoka pakati, inki itadetsa thumba lonse. Anaganiza za Wailesi ndi pakamwa pake, za anzawo ena aja, aliyense ndi pulayala yake ndi tepi yake. Ambiri a iwo analibe chikhothi.

"Mayi, muli ndi cholembera?"

Mayiyo anachisolola m'tsitsi, n'kuwapatsa osafunsa. A Ngowe anayala pepala pa boneti ya bulekidawuni, n'kulemba dzina lawo pamzere wapamwamba, chilembo chimodzichimodzi. Kenako anaimba foni.

"Wailesi, bwera pamlatho wawung'ono. Ntchitoyi ndi yako. Waya wako ali ndi tepi malo angati?"

Wailesi anayankha mwachidule, chinthu chosazolowereka kwa iye.

"Awiri, madala."

"Musiye pa winchi. Tenga matcheni onse a m'sitolo ya garaja, tikoka pang'onopang'ono ngakhale titenge tsiku lonse."

Anatengadi nthawi. Kagalimoto kanatuluka dzuwa litapendeka, mazira otsala osakwana theka. Wailesi ataona kalata ndi chikhothi, anatambasula dzanja kuti alandire pepalalo. A Ngowe anamuuza kuti kalatayo akaipereka okha m'mawa.

Anafika kunyumba kukadawala. Akazi awo anali pakhonde, pamakina osokera, akupinda siketi ya kasitomala. Ataona amuna awo akubwera ndi malaya okha, chikhothi chili pamkono, anaimitsa phazi. Anachilandira, n'kuchitambasula pamiyendo, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa pong'ambikapo. Iwo ndiwo anachisoka, ndipo ankadziwa mphamvu yofunika kung'amba nsalu imeneyo.

"Pali wavulala?"

"Palibe. Panatsala phazi limodzi."

Anawafotokozera zonse, za nsanza, za tepi, za mayi wa juzi yofiira, osabisa ndi chimodzi chomwe. Akazi awo anamvetsera, kenako anatsekula kabokosi ka singano n'kuyamba kufunafuna yaikulu.

"Musachisoke, mayi," anatero a Ngowe. "Mawa chipita nane ku ofesi. Ndikachiika patebulo pa bwana pamodzi ndi kalata. Ndasaina."

"Akakulandani makiyi?"

"Akhoza kutero."

"Chaka ndi theka chokha, bambo."

"Ndikudziwa. Ndakhala ndikuwerenga miyezi ngati mayi woyembekezera. Koma lero ndinatsala pang'ono kupha munthu chifukwa chowerenga."

Akazi awo anayang'ana manja a amuna awo, odzaza ndi zipsera za timinga ta waya, zimene iwo akhala akuzitsuka ndi madzi amchere zaka zonsezi. Nawonso ankaopa, ndipo sanabise.

"Mtima wanga wathawa," anatero. "Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makinawa akadali kuzungulira, sitigona ndi njala."

Anabweza singano m'kabokosi. Anazula timawaya tiwiri timene tikanabaya munthu, koma tinato anatisiya momwemo. Kenako anayala chikhothicho patebulo n'kuyamba kuchipinda mosamala, monga amapindira suti ya ukwati ya kasitomala, manja m'kati, kolala pansi. Pong'ambika paja anapasiya pamwamba.