Dzenje la Margareta

Ndinaponda buleki nditaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, pachitunda cholowera kwawo kwa mkazi wanga ku Ntchisi. Unali m'mawa, nkhungu ili tolo.

"Kwagwa zovuta," ndinatero. "Ndani kodi?"

Margareta anangogwira kumimba, chakumanja.

Ine ndi munthu woyenda. Joni ndinamupondaponda, Beira ndimam'dziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga, ndipo lole yoyamba kunyamula fodya ku Madisi inali yanga. Khansa itagwira bere la Margareta, ndinapeza dokotala nalichotsa. Koma sabata imeneyo ku Lilongwe makina ounikira m'mimba anaonetsa timadontho takuda pachiwindi.

"Kudula sikungathekenso," anandiuza dokotala. "Kunja kuli mankhwala ochedwetsa, osati ochiza. Kuno tingachepetse ululu basi."

Ine wake! Ndinati tipita ku Harare, pasipoti ndikaipempha ngakhale kwa akuluakulu a chipani. Chinatsala n'chilolezo cha mwini mbumba, mlongo wake Vinsenti. N'chimene tinakwerera mapiri.

Titatsika pabwalo, nyimbo ya amayi a Chikatolika inadukira pakati. Wina anataya mtolo wa nkhuni nathawira m'chimanga. Vinsenti anabwera pang'onopang'ono, nakhudza dzanja la mlongo wake ndi chala chimodzi.

"Alamu, mwabwera ndi ndani?"

"Ndi mkazi wanga! Misala yanji imeneyi?"

"Mng'ono wake Elizabeti anapita dzulo kuchipatala kukam'zonda. Anapeza bedi lopanda munthu, matiresi atapinda. Atafunsa, odwala anzake anati mwam'tenga."

Ndinaseka kwambiri, koma ndinaseka ndekha.

"Adzukulu akumba kale," anapitiriza, mawu ali pansi. "Dzenje siligona lopanda kanthu. Tidula thunthu la nthochi tiikemo."

"Dulani msanga! Ife mawa tili pa ulendo wa ku Harare."

"Dzenjelo ndikalione," anatero Margareta.

Palibe anam'letsa. Tinam'tsatira mpaka kumsitu wa manda, anthu akupatuka kumupatsa njira. Dothi lofiira linali likufuka nthunzi. Anaima m'mphepete, maso ake achikasu akuyeza dzenjelo.

"Mwakumba pafupi ndi amayi. Mwachita bwino."

"Mayi a Yoswa, tiyeni. Ku Harare kuli madokotala."

"Bambo a Yoswa, inu mwayenda mokwanira tonse awiri. Ine msewu uja wandipweteka." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, nthochi ija isiyeni ibereke. Ingovundikirani apa, mvula ingalowe."

Vinsenti anandiyang'ana. Ine amene ndinkakangana ndi azungu a m'migodi m'chilankhulo chawo, ndinangovomera ndi mutu.

Adzukulu anabwera ndi malata awiri akale. Margareta anagwira nsonga ya limodzi, nawathandiza kuliyala bwinobwino kuti pasatsale mpata. Kenaka anatola mwala, nautsindika pakona pamene mphepo inkatukula.