Njere Yozondoka

Chibwerereni kuchipatala, apongozi ake a Telala anali asanatsike pabedi mwa kufuna kwawo. Sitiroko inawafooketsa mbali ya kumanja, koma pakamwa inapasiya pabwinobwino. Dokotala wa mafizo ananena mosapsatira kuti dzanja ndi mwendozo zikapanda kugwira ntchito miyezi yoyambirirayi, ziumiratu. Anawapatsa kampira kofinya. Tsiku lomwelo kampirako kanapezeka kunsi kwa bedi, ndipo sikanapiteko kokha.

"Ine ndagwira choko mpaka imvi mbuu," anatero mayiwo, amene anali mphunzitsi wopuma. "Lero muzindiseweretsa mpira ngati kamwana ka mphaka?"

Telala ankasokera pabalaza, makina atayang'ana khomo la chipinda cha apongoziwo. Ananyengerera, anaopseza ndi mawu a dokotala, koma mayiwo anakana kwamtuwagalu. Anangotembenukira kukhoma. Komabe Telala ankawadziwa. Kwawo mayiwo anasiya bwalo lodzaza mitengo ya zipatso yodzala okha, ndipo sankatha kuona chinthu cholakwika n'kukhala chete. Ngakhale kalendala yopendekeka m'nyumba ya eni ankanyamuka n'kukaiwongola.

M'mawa wina atadya peyala, Telala anatsuka njere yake, anaibaya m'mbali ndi timitengo totokosera mano, n'kuikhazika pakamwa pa kapu ya pulasitiki yodzaza madzi. Kosongoka anakumiza m'madzi. Kophwathalala, kotulukira mizu, anakusiya m'mwamba pouma. Kapuyo anakaiika pazenera la odwalawo, poonekera bwino ali pabedi, koma posafika dzanja.

"Atelala, chimenecho n'chiyani?"

"Peyala, amayi. Ndikufuna mtengo."

"Mwazondotsa. M'madzi mumakhala thako lake."

"Pafoni ndaona choncho."

"Ndiye foniyo munaigwira chozondoka. Tembenuzani."

"Ndikubwera, amayi. Diresi la mkwatibwi likundidikira."

Sanabwere. M'mawa uliwonse ankalowa, kusintha madzi, n'kuibwezera njereyo mutu pansi, kwinaku akung'ung'udza kanyimbo. Khungu la pamwamba linayamba kuuma ndi kusweka. Apongozi anasiya kuyang'ana khoma. Tsopano ankayang'ana zenera, akunyoza foni, ana a masiku ano, ndi mphunzitsi aliyense amene analola Telala kukhoza mayeso.

Mwamuna wa Telala, dalaivala wa lole, atabwera kuulendo sanapume n'komwe. Mayi ake anamutuma kuti atembenuze njereyo asanavule nsapato. Telala anamukoka malaya pakhomo, namutulutsira panja.

"Mukangoigwira njere imeneyo, mathalauza anu onse ndiwasandutsa akabudula."

"Koma akazi anga, imeneyi si nkhanza? Munthu akudwala."

"Nkhanza ndi kuwadyetsa ndi supuni mpaka imfa, dzanja lilipo."

"Nanga akagwa?"

Funso limenelo linkamudya Telala nayenso. Anali atachotsa kale kapeti m'chipindamo, n'kufola mipando iwiri pakati pa bedi ndi zenera ngati yangoiwalika.

"Akagwa tiwadzutsa," anatero. "Akauma tiwatani?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anasuzumira m'chipinda n'kuuza mayi ake kuti tayala lina likuoneka lophwa, abwera. Tayalalo linamutengera tsiku lonse.

Mawa lake masana Telala ali pamakina, anamva bedi likulira. Kenaka mwendo wa mpando unakwekwereza pasimenti. Thupi lonse linafuna kudumpha, koma phazi analikanikiza pa chopondera. Akanangosiya kusoka, apongozi akanadziwa kuti akumvetseredwa, ndipo akanabwerera m'bulangete chifukwa cha manyazi. Msoko wa diresi utatha, anatola kachigamba n'kumangokasoka uku ndi uku, makutu ali kuchipinda. Mpando wachiwiri unalira. Kunamveka kupuma kolemera, ndi mawu ena amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa.

Kenaka kapu inagwa, phwaa! Madzi anayenderera mpaka pakhomo.

Telala anaima pakhomopo. Apongozi anali chiimire, phewa atatsamiritsa khoma, thukuta lili kamukamu. Njere anaipanira pachifuwa ndi dzanja lodwala lija. Zala zinali zitaigwira, ndipo lamanzere linkazula timitengo kamodzikamodzi.

"Mwaima ngati mwaona mzukwa," anatero osatembenuka. "Mukuyesa sindinadziwe? Munthu wosokerera zipi osaphonya angalephere kusiyanitsa mutu ndi thako?"

"Foni ija, amayi."

"Foni yanu yomweyo! Mfiti ya mwana. Njere yosalakwa mpaka kufuna kuipha chifukwa cha ine."

"Ikadali moyo?"

Anaikanda ndi chikhadabo, naiyang'anitsitsa.

"Ikadali. Koma kapu iyi ndi yosaya, mizu idzapindika. Pafunika botolo lalitali, lodula kukamwa. Tengani, muthire madzi."

Telala anatola kapuyo, anapukuta pansi ndi chigamba mpaka pauma. Anayang'ana kanjira kopita kukhitchini, kenaka anayang'ana miyendo ya apongozi.

"Mabotolo ali kukhitchini, amayi. Sindidziwa lomwe lingakukomereni. Ndingalakwitsenso."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, diso limene kale linkakhalitsa chete kalasi yonse. Telala sanaphethire.

"Mwana wanga anakwatira msilikali," anatero potsiriza. Anaisamutsira njere kudzanja lamanzere, n'kukweza chigongono chodwalacho pang'ono. "Gwirani apa. Ndati kugwira, osati kunyamula. Mukandinyamula ndikukanthani."

Telala anagwira. Phazi lamanja linakwekwereza, linaima, kenaka linadutsa pakhomo.